Dyeratu, Nchima Imene Inaitana Nkhwangwa

M'nkhalango ina ya m'tsinde mwa phiri munkakhala banja la nchima, anyani aja a michira yaitali amene chakudya chawo ndi masamba. Bambo wa banjalo anali Dyeratu, wa mimba yaikulu ndi mtima wabwino, amene ankadziwa kukoma kwa tsamba lililonse la m'nkhalangomo, ndipo nzeru zake zinkathera pomwepo. Anali ndi akazi angapo, ndipo wamkulu anali Nankhawa, amene anzake akamayang'ana masamba iye ankayang'ana nthambi. Mkangano wa awiriwa unali umodzi wokha: akhale pomwepo kapena awoloke mtsinje.

Nchima zinali ndi mwambo umene zinkaunyadira kwambiri. Tsamba limachedwa kugayika, choncho zikadya zinkakhala duu panthambi, zikusinza, kudikira kuti bambo ageye. Nkhani yaikulu sinkakambidwa bambo asanageye, chifukwa ankati mimba yodzaza imatseka makutu. Koma Dyeratu akangogeya njala inkamupeza nthawi yomweyo, ndipo nkhani yaikulu sinkakambidwanso ndi njala. Pakati pa kugeya ndi njala pankatsala kampata kongokwanira kunena kuti, "Zikomo bambo," basi, n'chifukwa chake banjali linkatchuka kuti silikangana.

Chinanso chimene Dyeratu ankadzitama nacho n'chakuti phazi lake linali lisanapondepo dothi, ndipo dzanja lake linali lisanagwirepo cha mwini. Izi ankakonda kuzinena pamaso pa msuweni wake Kabwerebwere, pusi wodziwika m'minda yonse ya kumeneko, amene thupi lake linali zipsera za legeni zokhazokha.

"Iwe msuweni, anthu amakuthamangitsa chifukwa ndiwe mbala," ankatero Dyeratu. "Ife tilibe nawo mlandu. Tsamba lili ndi mwini?"

"Tsamba lilibe mwini, asuweni," ankayankha Kabwerebwere uku akukukuta chimanga cha eni ake. "Koma mtengo umene lamerapo supitirira masiku ambiri usanapeze mwini."

Kumalire kwa nkhalangoyo kunali mtsinje woyenda m'chigwembe chakuya, madzi ake owinduka pamiyala moti ngakhale ng'ona sinkawafuna. Tsidya lina kunali nkhalango yaikulu ya paphiri, malo otsetsereka kumene munthu sankakwerako, koma kozizira ndiponso kwa masamba olimba. Njira yopitira kumeneko inali imodzi yokha: mbawa yakalekale imene nthambi yake inatambasuka pamwamba pa chigwembe mpaka kukagwirana ndi mkuyu wa tsidya linalo. Mbawayo inabisika kuseri kwa thanthwe lalikulu ndi nsungwi zowirira, ndipo munthu anali asanaionepo.

Chaka china mvula itatha, kunabwera anthu atanyamula nkhwangwa ndi macheka. Ena ankaotcha makala, ena ankacheka matabwa, ndipo onse ankafuna mitengo. Tsiku limene mtengo woyamba unagwa, nchima zinathawa zikulira, ndipo ngakhale Dyeratu anadya pang'ono. Kwa kanthawi banja lonse linkayenda mwamantha, likunong'onezana.

Kenaka mvula inabwerera, ndipo zitsa zinaphuka. Pachitsa chilichonse panatuluka mphukira zofiirira, zanthete, zonyezimira ngati zapakidwa mafuta. Dyeratu analendewera panthambi ya m'munsi, natambasula dzanja, nathyolako imodzi. Anatafuna, natsinzina, nakhala chete nthawi yaitali moti akazi ake anayesa kuti wadya poizoni.

"Amayi," anatero pomaliza, misozi ili lengelenge, "moyo wanga wonse ndakhala ndikudya zikopa."

Kuyambira tsiku limenelo maganizo ake pa anthu anasinthiratu. Anasonkhanitsa banja lonse, nalifotokozera kuti anthu aja si adani ayi, koma alimi. "Mtengo ukakula umauma mtima, n'kumatipatsa masamba olimba," anatero. "Alimi athuwa amaugwetsa kuti uphunzire ulemu, ndipo ukaphunzira umatipatsa zofewa. Amagwira ntchito yonseyi padzuwa, osapemphako ngakhale tsamba limodzi."

Akazi aang'ono anawomba m'manja, chifukwa mphukirazo zinalidi zokoma. Nkhwangwa ikamveka patali, ana amene kale ankabisala anayamba kuvina, akumati kukuphikidwa. Mitengo yoti alendewerepo itachepa, Dyeratu anagamula kuti chitsa si dothi, choncho kukhalapo sikuphwanya mwambo. Ankalumpha kuchoka pachitsa kupita pachitsa, mimba ili patsogolo, mchira ataunyamula kuti usakhudze fumbi.

Nankhawa naye ankadya mphukirazo, ndipo sankakana kuti n'zokoma. Koma iye ankaona zimene anzake sankaziona. Njira ya m'mwamba yopita ku misuku inali itaduka, yopita kukasupe inadukanso, ndipo pamene kale ankadutsa mumthunzi tsopano chiwombankhanga chinkawaona bwinobwino. Anali ndi khanda lokakamira pamimba pake, ndipo nthawi zonse akaliyang'ana ankadzifunsa kuti lidzaphunzirira pati kulumpha.

Tsiku lina atangomaliza kudya, anasendera pafupi ndi mwamuna wake. "Bambo, ndili ndi nkhani. Tiwoloke mbawa ikadalipo."

"Mayi, mwambo mwauiwala? Dikirani ndigeye."

Nankhawa anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Dyeratu atageya, onse anati, "Zikomo bambo," ndipo Nankhawa anatsegula pakamwa msangamsanga. "Nkhani ija, bambo, ya kuwoloka..."

"Ndi njala imeneyi, mayi? Mukufuna ndigamule zopotoka?"

Zinkatero tsiku ndi tsiku. Nankhawa ankabwera ndi nkhani yake m'mawa, ikabwezedwa ankabwera nayo madzulo, mpaka akazi anzake anayamba kumuseka kuti nkhani yakeyo yakalamba kuposa mbawa imene. Wina anamuuza kuti tsidya lina kukuzizira ndipo masamba ake amathyola mano. Nankhawa anangoti, "Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere," koma iwo anamva za nkhuyu zokha, nafunsa kuti zapsa kuti.

Vuto linayamba pamene mphukira zinayamba kuperewera. Chitsa chimapereka masamba ochepa poyerekeza ndi mtengo, ndipo pakamwa panali pambiri. Dyeratu anayamba kudandaula kuti alimi ake achita ulesi, ngakhale kuti utsi wa makala unkafuka mbali zonse. Ndiye tsiku lina, akudikira kugeya, nzeru inamubwerera, ndipo inali nzeru yokhayo imene anaivutikirapo moyo wake wonse.

"Ngati timitengo tating'ono tikupereka zokoma chonchi," anadziuza yekha, "nanga mbawa ija? Chitsa chake chingakhale chachikulu ngati bwalo. Banja lonse tingakhalepo, tikudya osasuntha." Chimene chinamumvetsa chisoni n'chakuti alimi ake, anthu akhama chotere, ankadutsa pafupi ndi thanthwe lija tsiku lililonse osadziwa chimene chili kuseri kwake. Anaona kuti ndi udindo wake kuwathandiza.

Anaitanitsa Kabwerebwere. "Msuweni, iwe umawadziwa anthu. Ukafuna kuti munthu akutsatire, umatani?"

"Ine sindinafunepo kuti munthu anditsatire, asuweni. Amangonditsatira okha. Koma mukafuna, tengani chinthu chake. Munthu akhoza kusiya mwana akulira, koma sasiya chipewa chake chikupita."

"Kumeneko si kuba?"

"Mukabweza, kumakhala kubwereka," anatero Kabwerebwere akuseka, poganiza kuti msuweni wake wayamba kuchangamuka. Sanafunse kuti munthuyo akumufuniranji, ndipo pambuyo pake anadziimba mlandu chifukwa cha zimenezi.

Pakati pa ocheka matabwa panali mkulu wawo, munthu wamtali wa chipewa chofiira. Masana ena anakoleka chipewacho pakamtengo, nakhala pansi kudya mbatata yootcha. Dyeratu anatsika mwakachetechete, nachitsomphola, nakwera nacho m'mwamba. Munthuyo anadzambatuka, akutukwana, natola miyala.

Mbala yeniyeni ikanathawa, koma Dyeratu ankayenda pang'onopang'ono, akucheuka kuti aone ngati mlimi wake akubwera. Munthuyo akakodwa m'ziyangoyango, iye ankamudikira moleza mtima. Mwala umodzi unamupeza paphewa, ndipo anauwerengera ngati moni. Anamudutsitsa m'nsungwi, namuzungulitsa thanthwe, kenaka anakoleka chipewa panthambi ya m'munsi ya mbawa, nakwera pamwamba kuti aonerere.

Munthu uja anafika ali wefuwefu, natenga chipewa chake, nachivala. Kenaka anayang'ana m'mwamba, napitiriza kuyang'ana mpaka chipewacho chinagwa chokha kumbuyo, ndipo sanachitole. Anaimba kamluzu, nazungulira mtengowo, nautambasulira manja kuti aone kukula kwake. Dyeratu ataona zimenezi mtima wake unasungunuka.

"Taonani," ananong'ona, "akuukumbatira. Ndiye wina azinena kuti anthuwa alibe chikondi."

M'mawa mwake nchima zili pakati pa kudya, nkhwangwa inamveka kumene inali isanamvekepo, kuseri kwa thanthwe. Nankhawa anasiya kutafuna. Posakhalitsa Kabwerebwere anatulukira akuthamanga, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe chimanga m'manja. Analunjika kwa Nankhawa, osapereka ngakhale moni kwa mwini banja.

"Alamu, anthu aja ali pa mbawa. Abwera gulu, ndi macheka aakulu aja. Dzuwa likamapendeka ikhala ili pansi."

"Aidziwa bwanji?" anafunsa Nankhawa.

Dyeratu anapukuta pakamwa modzichepetsa, ngati munthu amene sakufuna kuyamikiridwa kwambiri. "Ndinafuna chikhale chodzidzimutsa, mayi, koma poti mwafunsa, ndine. Ndinawalondolera ndekha. Mvula ikubwerayi muona zimene simunaonepo."

Kabwerebwere anamuyang'ana nthawi yaitali. "Asuweni, ine ndaba chimanga, ndaba maungu, ndaba ngakhale mazira nkhuku ikuona. Koma sindinabepo njira yanga yothawira. Inu mwaba kamodzi kokha, ndipo mwatiposa tonse."

Apa Nankhawa anachita chimene nchima inali isanachitepo chilengedwere. Anaimirira, masamba akadali m'kamwa, bambo asanageye, nayamba kukamba nkhani yaikulu. Akazi anzake anagwira pakamwa, ndipo ana anabisa nkhope. Nankhawa ankachita mantha, komanso ankamva chisoni, pakuti mwamuna wakeyo ankamukonda ndithu.

"Ine ndikuwoloka tsopano lino ndi mwana wanga. Amene akufuna anditsate. Bambo, ndikukupemphani, tiyeni. Masamba a tsidya lija ndi olimba, koma ali pamitengo."

"Mayi, mukulumpha chigwembe ndi mimba yodzaza? Makolo athu akanamva akanati chiyani? Khalani pansi, ndigeye, tikambirane ngati anthu aulemu."

"Mukamageya mlatho ukhala utagwa."

"Ukagwa uphukanso," anatero Dyeratu mokoma mtima, ngati akuphunzitsa mwana. "Zitsa zonse zimaphuka. Tidzadyako mphukira, zotsalazo zidzakula, zidzakhala mlatho watsopano. Mukuthamangira chiyani?"

"Mphukira iti imene munaisiyapo kuti ikule?" anafunsa Nankhawa. Dyeratu anaganiza, koma sanaikumbukire, ndipo anati funsolo liyankhidwa akageya. Nankhawa anafungatira khanda lake, natembenuka. Akazi ena anamutsatira ndi ana awo, akutafuna m'njira, koma awiri aang'ono anatsala, chifukwa ankalemekeza mwambo komanso ankaganizira za chitsa chachikulu ngati bwalo.

Atafika pa mbawa anapeza anthu atailowa kale kwambiri. Nkhwangwa ikamenya pansi, nthambi zonse zinkanjenjemera mpaka kunsonga, ndipo masamba ankayoyoka. Anthu aja ataona nchima zikudutsa pamwamba pawo anaseka, wina naponya chibulumwa. Nankhawa anatsogoza anzake mmodzimmodzi, iye n'kukhala womaliza.

Pamene nthawi yake inkafika, mtengo unali utayamba kupendekera kumbuyo, ndipo nthambi imene inkagwirana ndi mkuyu inali itasiyana nawo. Pansi madzi ankawinduka. Anauza khanda kuti ligwiritse, nalumpha ndi mimba yake yodzazayo, nagwira kanthambi ka mkuyu kamene kanapindika mpaka anaona thovu la madzi pafupi, kenaka kanamukweza. Makolo sananene kanthu.

Mbawa inagwa dzuwa litapendeka, ndipo phokoso lake linamveka phiri lonse. Dyeratu, ali pamtengo wapafupi, anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira munthu akapatsidwa mphatso. Madzulo amenewo anageya bwino kwambiri, ndipo akazi awiri otsala aja anati, "Zikomo bambo." Panalibenso wobweretsa nkhani yovuta, ndipo iye ananena kuti mtendere wabwerera m'banja.

Anthu anacheka mbawayo, nanyamula matabwa pamitu. Anapitiriza ndi mitengo yotsala, yaikulu ya matabwa, yaing'ono ya makala, mpaka pamene panali nkhalango panasanduka dambo la zitsa. Mitengo itatha, alimi aja anasenza nkhwangwa zawo, nachoka osatsazika. Dyeratu anati ndi mmene amachitira anthu odzichepetsa.

Mvula inabwera, ndipo Dyeratu anakhala pachitsa cha mbawa kudikira phwando. Chinali chachikuludi ngati bwalo, pamenepo sananame. Koma mtengowo unali wokalamba, ndipo chitsa chake sichinaphuke ngakhale kamphukira kamodzi. Chinangong'aluka, chiswe n'kulowamo. Iye ankachisisita m'mawa uliwonse, akuchilimbikitsa kuti chisachite manyazi.

Zitsa zina zinaphuka ndithu, koma tsopano panali njira zoyera, ndipo m'njiramo munabwera mbuzi za kumudzi. Mbuzi imadya mphukira mofulumira kuposa nchima, ndipo sidikira aliyense kuti ageye. Dyeratu anapita kwa tonde wa gululo, akulumpha pazitsa, kukadandaula mwaulemu.

"Pepani achimwene, mwina simukudziwa. Munda uno ndi wathu. Anatilimira ndi alimi athu."

"Alimi anu ndi ati?" anafunsa tonde osasiya kudya.

"Anthu a nkhwangwa aja. Mkulu wawo ndi wa chipewa chofiira. Timadziwana."

"Ameneyo ndi mbuyanga," anatero tonde. "Usiku ndimagona m'khola la matabwa ake. Za inu sanatchulepo."

Kumene kwafika mbuzi kumafikanso abusa, ndipo abusa amayenda ndi agalu. Mkazi mmodzi wa Dyeratu anagwidwa ndi agalu ali pakati pa zitsa ziwiri zotalikirana. Winayo anakodwa mumsampha, ndipo Kabwerebwere anadzamuona ali pachingwe m'mbali mwa msewu, ana akumuponyera makoko a nthochi. Dyeratu anatsala yekha, ndipo mimba imene inkamutsogolera ija inayamba kumutsatira.

Tsiku limene agalu anamupeza iye, zitsa sizinamuthandize. Phazi lija limene linali lisanapondepo dothi linaponda dothi, matope, minga ndi ndowe za mbuzi zomwe, zonse tsiku limodzi. Anathamanga mpaka m'mphepete mwa chigwembe, pamene anthu anali atalambula msewu watsopano ndi kuzika mapolo oti adzamangepo mawaya. Anakwera polo limodzi mpaka pamwamba, agalu nauwa mpaka kutopa, n'kubwerera.

Atapuma, anayang'ana chimene anakwerapocho. Unali mtengo ndithu, wowongoka bwino, wopanda nthambi, wopanda khungwa, wonunkha mankhwala akuda. Chiyembekezo chinamubwerera pang'ono. Kabwerebwere anadutsa pansi pake atanyamula chimanga chachiwisi, wonenepa kuposa kale, chifukwa minda inali itafika mpaka pamene panali nkhalango.

"Asuweni, mukutani pamenepo?"

"Ndikudikira, msuweni. Alimi athu abwerera, ndipo ulendo uno akudzala okha mitengo. Taona mzere wonsewu. Mvula ikangogwa bwino, uphuka."

Kabwerebwere anatsegula pakamwa kuti amuseke monga mwa chisuweni, koma nthabwala sinabwere. Anathyola chimanga pakati, naika theka patsinde la polo, ngakhale ankadziwa kuti mimba ya nchima sigwirizana nacho. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero chapansipansi akuchoka. "Koma inu, asuweni, munachita kuitenga pakhomo n'kuilondolera njira."

Kuchokera pamwamba pa polo, tsidya lina linkaoneka bwinobwino. Mitengo inali yobiriwira mpaka kunsonga kwa phiri, ndipo mu mkuyu uja munali nchima zikudya masamba olimba, nsagwada zikugwira ntchito. Kamwana kena kankalumpha kuchoka panthambi kupita panthambi, kakugwa, kakugwiranso. Pafupi nako panali Nankhawa, ndipo atakweza maso anamuona mwamuna wake. Anasiya kudya, nakhala akumuyang'ana, pakuti panalibe china chimene akanachita.

M'mimba mwa Dyeratu munalibe kanthu, koma mpweya wa njala unakwera wokha, ndipo anageya. Anadikira kuti wina anene kuti, "Zikomo bambo," koma kunali zii. Ndiye anakonza pakhosi, nayang'ana tsidya lina, nakweza mawu monga mwini banja.

"Mayi, ndageya. Nkhani yanu ija ya kuwoloka, tsopano tikhoza kuikamba."

Madzi a m'chigwembe ankasokosera kwambiri, ndipo mawuwo sanawoloke.

Phunziro: Amene akukudyetsa zofewa uku akudula pamene wakhala si mlimi wako. Usagulitse mtengo chifukwa cha kukoma kwa mphukira, ndipo nkhani ya moyo ikafika, ikambe ngakhale chakudya chili m'kamwa, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.